Akasintha osewera, sewero limafa? Yankho lili ku Mkaika

Mkangano uwu sunayambe lero, koma masiku ano wakwera basi. Ana a sukulu ndi anyamata a ku koleji amene amakonda mpando wa kumbuyo, maso ali pa foni, amakangana za makatuni a ku Japan, aja amawatcha anime. Wina akuti sewero lakutilakuti linafa tsiku limene anachotsamo mnyamata amene tinakula naye. Mnzake akuti iyayi, atsopanowa ndiye abwino, iwe wakalamba chabe. Azimayi a mipando ya pakati amaseka kuti ana a masiku ano akangana za zidole. Koma azimayi omwewo, sewero lawo la madzulo pa TV likangosintha munthu mmodzi, amazima ndi kunena kuti manje lazizira, lilibenso mchere.

Funso ndi limodzi, kaya ndi katuni, sewero la pa wailesi, bandi kapena timu ya mpira: chinthu chimene anthu achikonda zaka zambiri, kodi chingakhale ndi moyo nkhope ndi mawu zimene tinazolowera zikachoka? Ife tikuti chingakhale. Chimene chimapha sewero ndi eni ake amene sanakonzekere tsiku losintha, ndiponso amene amataya akale ngati tayala lotha. Umboni wake sitiutenga ku Japan kokha. Uli kwathu konkuno, ku Mkaika m'boma la Katete.

Tiyambe ndi nkhani ya anyamatawa kuti amdala nawonso atsatire. Pokémon inayamba kuonetsedwa ku Japan mu 1997. Kwa zaka zoposa 25 ana a m'maiko ambiri anatsatira mnyamata mmodzi, Ash, ndi kanyama kake kachikasu, Pikachu, akuyendayenda kufuna kukhala katswiri. Kumapeto kwa 2022 Ash anapambana mpikisano wa dziko lonse, ndipo mu 2023 eni sewero anamutsanzika. M'malo mwake munalowa ana awiri atsopano, Liko ndi Roy. Onani mmene anachitira. Sanamutsitse pakati pa njira. Anamulola kufika kumene amapita, anamupatsa zigawo zingapo zotsanzikana ndi anzake akale, kenaka anatsegula chitseko kuti ena akwere. Ndipo anasiyamo Pikachu wina, kuti mwana akayatsa TV adziwe kuti sanasokere.

Lina ndi Doraemon, sewero la pusi wa makina wochokera m'tsogolo. Apa anthu a m'nkhani anakhala omwewo, koma mu 2005 olankhula mawu a osewera akuluakulu onse asanu anasinthidwa nthawi imodzi. Mayi Nobuyo Oyama anali atalankhulira pusiyo kwa zaka 26, kuyambira 1979. Oonera ambiri anadandaula kuti mawu atsopano sakumveka ngati Doraemon. Mmodzi mwa olowa m'malo, Subaru Kimura, anali ndi zaka 14 chabe pamene anasankhidwa. Lero ana a ku Japan amadziwa mawu a Wasabi Mizuta, amene analowa m'malo mwa Oyama, ngati mawu enieni a pusiyo, ndipo aja amadandaula mu 2005 ndiwo makolo amene amagulira ana awo matikiti okaonera.

Tsopano tikwere basi ya kum'mawa. Mukachoka pa Intercity, mudutsa Chongwe, mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke ndi Sinda, ndipo musanapitirire ku Chipata mufika m'dera la Katete. Kumeneko kuli Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Achewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique. Chaka chilichonse, Loweruka lomaliza la August, kumakhala Kulamba. Mafumu a maiko atatuwa amabwera kudzalamba, kupereka mphatso ndi kufotokoza mmene anthu awo akhalira m'chakacho. Amabwera a pafupi monga a Mbang'ombe, a Kawaza ndi a Kathumba, a Pembamoyo ochokera ku Vubwi, ndi ena ambirimbiri odutsa malire. Mu 2007 atsogoleri atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala pabwalo lomweli tsiku limodzi.

Tisanapitirire tinene poyera: Gule Wamkulu si sewero la pa TV. Ndi mwambo, ena amati pemphero lalikulu, ndipo zakudambwe saulula. M'danga lino sitilowako kumeneko. Tikamba zimene aliyense woima pabwalo amaona ndi maso ake, ndipo tikuyerekeza chinthu chimodzi chokha: mmene chinthu chimakhalira chamoyo pamene anthu ochisunga akusinthana.

Funsani agogo aliyense wa ku Katete kapena ku Sinda kuti Kasiyamaliro anamuona liti koyamba. Adzakuuzani kuti ali kamtsikana, ataima kumbuyo kwa amayi awo. Amayi awowo anamuonanso ali aang'ono. Chadzunda amene amatuluka lero, woyenda mwaukalamba ndi mwaulemu, ndi yemweyo amene anatuluka nthawi ya atsamunda. Makanja akadali wamtali kuposa denga, Kang'wingwi akadathamangitsa anthu, Maliya akadavina mwaulemu wake. Koma tayang'anani m'mbali mwa bwalo. Woimba mbalule amene agogo aja anamumva ali mwana anagona kalekale. Azimayi amene amaomba m'manja ndi kuyankha nyimbo nthawi imeneyo kulibenso. Atsabwalo asintha, anamkungwi asintha, mafumu asintha. Gulu lonse lasinthidwa, osati kamodzi, koma m'badwo uliwonse, ndipo palibe anabwerapo kunyumba n'kunena kuti chaka chino Gule watha chifukwa ang'oma ndi atsopano.

Chifukwa choyamba n'chakuti ku Mkaika dzina ndi lalikulu kuposa munthu. Anthu amathamangira khalidwe la chilombo: mmene chimalowera pabwalo, phunziro limene chimabweretsa, mantha kapena chiseko chimene chimadzutsa. Ngakhale ufumu umayenda chimodzimodzi. Mfumu ikagona, dzina silikwiriridwa nayo. Mbumba ndi akuluakulu amakhala pansi, nasankha wolowa dzina kuchokera ku mbali ya amayi, kawirikawiri mwana wa mlongo wake wa mfumuyo. Gawa Undi Chivunga, amene analamulira zaka pafupifupi 50, anatisiya mu 2004. Chaka chomwecho Gawa Undi Mkhomo V analowa. Mafumu anapitiriza kulamba pa mpando womwewo, ndipo Kulamba kwakula kuposa kale.

Chachiwiri, ndipo ichi ndicho eni masewero a m'tauni amaiwala, wolowa m'malo amayamba kuphunzira pamene mwini malo akadali ndi mphamvu. Mnyamata sayamba ndi mbalule. Amayamba ndi kunyamula ng'oma, kusonkha moto woziwambira kuti zilire bwino, kukhala pafupi ndi kumvetsera. Kenaka amamupatsa ng'oma yothandizira, ija imangogunda mofanana osasintha. Papita zaka kuti manja ake adziwe kutsatira mapazi a chilombo, kudziwa pofulumira ndi podula. Tsiku limene mdala wa mbalule manja adzayamba kunjenjemera, mnyamatayo sakhala mlendo pabwalo. Anthu anamuona kale, anamumva kale, anamudzudzulapo kale. Mtsikana nayenso amaphunzira nyimbo ataima mumzere wa kumbuyo, chaka ndi chaka akusendera kutsogolo. Kusintha kumachitika tsiku lililonse, pang'onopang'ono, mwakuti palibe tsiku limodzi limene munganene kuti lero asintha.

Ndipo wakale satayidwa. Mdala amene wasiya ng'oma amakhala pampando pafupi, akumvetsera. Ikalakwika amakweza dzanja. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo pabwalo la Gule mwambi umenewu ndi nchito yeniyeni, osati mawu okometsera pa maliro.

Wina anganene kuti Gule wakhalitsa chifukwa sasintha kanthu. Si zoona. Pabwalo pamatuluka Simoni wa nkhope yofiira, amene makolo athu sanamudziwe asanaone mzungu. Pamatuluka zilombo zooneka ngati galimoto ndi ndege. Nthawi ya matenda atsopano ndi makhalidwe atsopano, nyimbo zatsopano zimabadwa. Koma chatsopano chimalowa pambali pa chakale, chimayesedwa ndi maso a anthu, chikakondedwa chimakhala, chikakanidwa chimazimirira. Kasiyamaliro sachotsedwa kuti galimoto ilowe. Pamene bungwe la UNESCO linalengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu a dziko lonse, linalemekeza chinthu chimene chikuyenda, osati chimene chili m'kabati.

Mayeso aakulu anabwera nthawi ya atsamunda. Kulamba kunaletsedwa mu 1934, ndipo kunabwereranso mu 1984, Gawa Undi Chivunga ali pampando. Werengani zala: zaka 50. Mnyamata amene anaimba ng'oma pa Kulamba komaliza ali ndi zaka 20 anali nkhalamba ya zaka 70 pamene mwambo umabwerera, ngati anali moyo. Amishoni nawonso analimbana ndi Nyau kwa zaka zambiri. Sewero la pa TV litaima zaka 50 lingabwerere? Kulamba kunabwerera chifukwa bwalo lalikulu litatsekedwa, mabwalo aang'ono sanatseke. M'midzi ya Katete, Chadiza, Vubwi, Mchinji, Dedza ndi ku Tete anthu anapitiriza pa maliro, pa chinamwali ndi polonga mafumu. Mudzi uliwonse unali sukulu. Pamene ng'oma ya ku Mkaika inaliranso, oiyankha analipo.

Ife a m'Zambia sitifunika kuuzidwa kuti gulu lonse lingachoke tsiku limodzi. Usiku wa pa 27 April 1993 ndege yonyamula timu yathu ya mpira inagwa m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon, ikupita ku Senegal. Anthu 30 anafa, 18 mwa iwo osewera, pamodzi ndi mphunzitsi Godfrey Chitalu. Uko sikunali kusintha kokonzekera. Kunali kulira kwa dziko lonse. Koma chisanathe chaka, timu yatsopano yomangidwa mozungulira Kalusha Bwalya, amene sanali m'ndegemo, inafika mu fainolo ya Africa Cup ku Tunisia mu 1994, n'kugonja kwa Nigeria 2-1. Anyamata amenewo sanagwe kumwamba. Anali m'matimu a ku migodi ndi a mu Lusaka, akusewera sabata iliyonse. Matimu amenewo anachita nchito imene midzi inachitira Kulamba. Ndipo pa 12 February 2012, mumzinda womwewo wa Libreville, m'badwo winanso, wa Christopher Katongo ndi Stoppila Sunzu, unanyamula chikho utagonjetsa Ivory Coast pa mapenati 8-7. Yunifomu ndi imodzi, oivala ndi mibadwo itatu.

Okonda reggae ya ku Malawi, imene imalira m'mabasi ambiri a ku Chipata, akudziwa nkhani ya Black Missionaries a ku Chileka. Evison Matafale, amene anayambitsa gululi, anamwalira mu November 2001 atatulutsa Kuimba 1 ndi Kuimba 2. Ambiri anati basi, zatha. Musamude Fumulani anatenga maikolofoni, ndipo iyenso anatisiya mu 2007. Mng'ono wake Anjiru anapitiriza. Ma Blacks sanasinthe dzina, sanasinthe kalembedwe ka mitu ya zimbale, anangopitiriza kuwerenga mpaka kupitirira Kuimba 10. Olowa m'malo anali a m'nyumba momwemo, anakulira pa nyimbo zomwezo, ndipo chaka ndi chaka amasonkhanitsa anthu ku Chileka kukumbukira amene anapita. Kwathu kuno Amayenge anachita chimodzimodzi: Chris Chali atamwalira mu 2003, Alice Chali ndi anzake anasunga gululo.

Koma tinene chilungamo, pakuti mnyamata uja amene akuti sewero lake linafa nayenso ali ndi mfundo. Pali zinthu zina zimene zinamangidwa pa munthu mmodzi, ndipo munthuyo akapita zimapita naye. Akuluakulu amene anakula ndi wailesi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 amakumbukira Poceza M'madzulo. Julius Chongo amakhala yekha pa maikolofoni, iye yemweyo kukhala wofotokoza, kukhala nkhalamba, kukhala mkazi wolongolola, kukhala kalulu. Mabanja amasonkhana pa wailesi imodzi kumumvera. Gulu lonse la osewera linali pakhosi pa munthu mmodzi. Ndani akanalowa m'malo mwake? Zina mwa nthano zake tili nazo lero m'buku chifukwa mphunzitsi Ernst Wendland anazilemba ndi kuzimasulira. Buku limasunga mawu, koma silisunga kaseko kaja.

Chimodzimodzi Izeki ndi Jakobo a ku Malawi, amene matepi awo anaseketsa anthu mpaka kuno. John Nyanga, Izeki, anamwalira mu 2016, ndipo Eric Mabedi, Jakobo, anatsatira mu 2021. Mungapeze anyamata awiri aluso, kuwaveka zovala zomwezo ndi kuwatcha maina omwewo, koma anthu adzaona kuti awa akungotsanzira. Chimene chimaseketsa mwa awiri aja chinali ubwenzi wawo wa zaka zambiri, mmene wina amadziwira pamene mnzake apumire mpweya. Pa zinthu zotere, ulemu ndi kulola dzinalo ligone, kusunga bwino zimene anajambula, ndi kupatsa achinyamata mpata woyamba zawo ndi maina awo. Amene anapanga Pokémon anazindikira zimenezi: m'malo mokakamiza Ash kukhalapo mpaka muyaya, anayamba nkhani ina ndi ana ena.

Choncho mwini sewero aliyense afunika kudzifunsa msanga, zinthu zikadali bwino: kodi anthu amabwera kudzaona udindo kapena munthu? Ngati ndi udindo, phunzitsani wolowa m'malo lero. Ngati ndi munthu, konzani mathero abwino, ndipo yambani kulera nkhani ina pambali. Choipa ndi kusadzifunsa konse, kudikira mpaka wosewera wadwala, wakwiya kapena waitanidwa ku Johannesburg, ndiye m'mawa mwake oonera angoona nkhope yachilendo ikuyankha dzina la munthu amene amamudziwa, popanda ndi mawu amodzi owafotokozera. Oonera si ana. Chimene chimawapweteka kwambiri ndi kuyesedwa opusa.

Pali ngozi ina m'mfundo yathuyi, ndipo tisaibise. Mawu akuti dzina ndi lalikulu kuposa munthu amakoma kwambiri m'makutu a mabwana. Bwana akawamva amati ndiye kuti wosewera aliyense ndingamuchotse, mawa ndipeza wina wotchipa. Amene mumaonera masewero a ku South Africa mukukumbuka za Generations. Mu August 2014 osewera akuluakulu 16 ananyanyala nchito pofuna malipiro abwino ndi gawo la ndalama zimene sewerolo limapanga likaonetsedwanso, ndipo onse anachotsedwa. Mu December chaka chomwecho sewero linabwerera ndi dzina lakuti Generations: The Legacy, ndi nkhope zambiri zatsopano, ndipo linapitirira kwa zaka. Kunena kuti linapulumuka, inde linapulumuka. Koma kupulumuka kotero sikutiphunzitsa chabwino. Kumaphunzitsa wosewera aliyense wotsala kuti akatsegula pakamwa, chitseko chili apo.

Madalaivala ndi makondakita amene mukuwerenga izi pa Kulima Tower, City Market kapena Lumumba, nkhani iyi mukuidziwa kuposa ife. Njira ya ku Matero, ya ku Chawama kapena ya ku Chelstone siifa chifukwa dalaivala wasintha. Basi idzadzaza mawa ngati lero. Koma mukudziwanso kusiyana kwa mitundu iwiri ya eni mabasi. Wina amalola kondakita wake kuphunzira chiwongolero pang'onopang'ono, kumuthandiza kupeza laisensi, mpaka tsiku lina amupatsa makiyi, ndipo dalaivala wakale amasiya ndi kanthu m'manja. Wina amalanda makiyi usiku chifukwa ndalama ya tsiku yaperewera, m'mawa wapatsa mlendo amene sadziwa ngakhale pamene pali dzenje. Mabasi onse awiri amayenda, koma okwera amadziwa imene imafika bwino, ndipo amakanika amadziwa imene sichedwa kufa.

Ku Mkaika wakale amachoka pa ng'oma n'kukhala mlangizi. Ku Generations akale anachoka n'kukhala anthu ofuna nchito. Pamenepo ndi pamene pagona kusiyana, ndipo ndi muyeso umene tiyenera kuyesera nawo aliyense amene akutiuza kuti wasintha osewera kuti sewero lipite patsogolo. Mufunseni: akale aja ali kuti, ndipo anachoka ndi chiyani?

Tsono tili ndi mawu kwa opanga masewero a kwathu. Kuyambira masiku a Kabanana pa ZNBC mpaka Mpali ndi Zuba pa Zambezi Magic, anthu a m'Zambia aonetsa kuti amakonda kudziona okha pa TV, akulankhula chinenero cha pamsika ndi cha m'basi. Njala ilipo. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi mzere wa kumbuyo, uja wa atsikana ophunzira nyimbo ndi anyamata owamba ng'oma. Sewero lililonse limene lafika chaka chachitatu liyenera kukhala ndi achinyamata amene akukula m'nkhani momwemo, amene oonera akuwazolowera pang'onopang'ono, ndi olemba achinyamata okhala pambali pa olemba akale. Mapangano a nchito alembedwe, ndipo anene zimene wosewera adzalandira sewero likaonetsedwanso. National Arts Council of Zambia, imene inakhazikitsidwa kuti iyang'anire za luso, ili ndi mawu pa nkhani imeneyi ndipo iwalankhule.

Mawailesi nawonso, kuyambira ZNBC mpaka a m'madera monga Breeze FM ku Chipata ndi Mphangwe ku Katete, asunge zimene amaulutsa. Mwana amene afuna kukhala wofotokoza nthano lero afunika kumva mmene akale amachitira, osati kungomva mbiri yakuti kunali munthu wina waluso. Tepi yosungidwa bwino ndi mdala wokhala pampando pafupi ndi ng'oma. Ikatayika, wachinyamata aliyense amayambira pa ziro ngati kuti palibe anadutsapo.

Kwa ife oonera, mawu ndi akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Wolowa m'malo aliyense amaoneka wochepa sabata yoyamba, chifukwa timamuyerekeza ndi munthu amene anali ndi zaka 20 zozolowera udindowo. Timaiwala kuti wakale uja nayenso tsiku lake loyamba mawu amanjenjemera. Masiku ano foni ili m'manja, ndipo n'kosavuta kulemba pa Facebook kuti uyu ndi zero, abweze wakale. Kudzudzula n'kololedwa, pabwalo la Gule nawonso anthu amang'ung'udza ng'oma ikasokoneza. Koma kumeneko amang'ung'udza kuti mnyamata akonze, ndipo mawa amabweranso kudzamumva. Tikathamangitsa aliyense watsopano mwezi woyamba, tisadabwe tikatsala ndi masewero a kunja okhaokha.

Chomaliza chikukhudza Mkaika yemweyo. Gule sanaopepo kusintha kwa anthu. Chimene angaope ndi mzere wa kumbuyo wopanda munthu. Ndipo anthu a mzere umenewo ambiri ali kuno, mu Mtendere, Kalingalinga, Kanyama ndi Garden, akukwera mabasi omwewa. Tinachoka ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi kudzafuna nchito, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Ana athu akudziwa maina a anthu onse a mu Naruto ndi Dragon Ball, ndipo pamenepanso palibe cholakwa: mwana amene angatsatire nkhani ya zigawo mazana ali ndi mutu wabwino. Koma mwana yemweyo akafunsidwa kusiyana kwa Chadzunda ndi Makanja, kapena chifukwa chake mfumu yake imatchedwa Gawa, amayang'ana pansi. Sanakane kudziwa. Palibe anamutengako.

Gawa Undi akhala akunena kawirikawiri kuti mwambo usatsekereze mwana sukulu, ndi kuti ana aakazi asakwatitsidwe akadali aang'ono. Mawu amenewo achotsa chifukwa chimene makolo ambiri a m'tauni amabisalirapo. Palibe akukupemphani kusankha pakati pa kalasi ndi bwalo. Kulamba kumachitika mu August, nthawi imene masukulu amakhala pa tchuthi. Ulendo wa ku Katete ndi wa tsiku limodzi pa basi. N'zoona kuti ndalama ya tikiti si yochepa, makamaka kwa banja lonse, koma amene amayamba kuika pambali pang'onopang'ono kuyambira Marichi amafika.

Mukapita chaka chino, musapite nokha. Tengani mwana mmodzi, ngakhale uja wa makatuni. Musamusiye ku matebulo a malonda akudya chimanga chootcha. Muimikeni pamene angaone manja a woimba mbalule, ndi kamnyamata kamene kakhala pambali pake kakusonkha moto. Muuzeni kuti kamnyamatako ndiko kadzaimba iye akadzabwera ndi ana ake.